Kabotolo Kamene Ndinabisa Kuseri kwa Ndowa

Loweruka limenelo ndinapatsa mwana wanga Tadala phala, iye n'kutambasula dzanja kugwira pambali pa supuni. Anayesanso, n'kuphonyanso. Kenako anati, "Amayi, m'nyumba muno muli utsi." Munalibe utsi, moto ndinali nditazima kale. Mwanayo anali ndi zaka zisanu, ndipo amene anamufikitsa pamenepo ndine mayi wake. Inu owerenga, sukulu ndinalekera sitandade 6, kulemba sindidziwa bwino, koma ndipirireni mumve mpaka kumapeto.

Timakhala kumapiri, kumtunda kwa Madisi. Patchuthi china kunabwera alamu anga, ang'ono awo a bambo a Tadala, amene amaphunzitsa ku sekondale ku Lilongwe. Anabwera ndi katoni, m'katonimo muli kandege. Kutalika kwake ngati mkono wa munthu wamkulu, ka matabwa opepuka, kutsogolo kuli kainjini kochepa ngati chibakera. Madzulo aliwonse ankapita nako kubwalo la mpira, n'kumakaulutsa ndi rimoti, iko kakulira ngati mavu. Mafuta ake anali m'kachigubu kolembedwa Chingerezi, ofiira ngati jusi wa ana. Tsiku loyamba lomwelo anandiuza kuti, "Alamu, awa ana asakhudze." Sananene zambiri, inenso sindinafunse.

Kwathu kuno ndege yopanda munthu mkati si nkhani yoseka nayo. Tonse tinakula tikumva za anthu ouluka ndi ana a eni. Amene anayamba kulankhula anali a Naphiri, oyandikana nawo nyumba, tikuchokera kumjigo.

"Mlamu wakoyo galimoto alibe, njinga yamoto alibe, koma ndege ali nayo. Iwe maso uli nawo?"

Ndinaseka, koma iwo sanaseke. "Petulo timamudziwa, parafini timamudziwa. Mafuta ofiira ndi a chiyani?"

Kuyambira tsiku limenelo ndinayamba kuwazonda alamu. Ndinaona kuti akatuluka amakiya chipinda, m'nyumba ya mkulu wawo yemwe. Ndinaona kuti akathira mafutawo amasamba m'manja ndi sopo kawiri, ngati achokera kumanda. Ana akayandikira ankawabweza, ankajambula mzere pansi ndi phazi kuti asadumphe. Kachigubu sankakasiya padzuwa, ankakafunditsa thumba pamthunzi. Chilichonse chimene ankachita, ine mumtima ndinkati, ee, zizimba zake ndi zimenezi.

Ndiye kunachitika china chimene chinanditsimikizira. Masana ena kubwalo mafuta anatayikira pa udzu, ndipo bambo wina woonerera anaponya ndudu pomwepo. Alamu anadumpha, kukankha anthu, n'kuyamba kukwirira mchenga pamalo popanda kanthu. Moto sitinauone aliyense, koma udzu unkada wokha, ukupindika, pamwamba pake mpweya ukunjenjemera. A Naphiri anandigwira mkono n'kundinong'oneza kuti, "Moto wosaoneka. Ukufunanso umboni wanji?"

Bambo a Tadala nditawauza anandikalipira kuti ndisanyoze mng'ono wawo. Ndiye ndinaganiza zopeza umboni ndekha, ndikauonetse kwa akulu ampingo Lamulungu. Lachinayi alamu atatsikira ku Madisi, ndinatenga kiyi pamwamba pa chitseko pomwe ndinawaona akuika. Ndinalowa m'chipindamo n'kutsegula kachigubu. Chothiramo chimene ndinapeza pafupi chinali kabotolo ka pulasitiki kamene Tadala anamweramo jusi. Ndinathira theka, kutseka, n'kukabisa kukhitchini kuseri kwa ndowa, pansi penipeni, pamene munthu wamkulu sangaone. Za munthu wamfupi sindinaganize.

Lachisanu madzulo Tadala anabwera kuchokera kumasanje akuyenda modzandira, n'kugona dzuwa lisanalowe. Anatsegula m'mimba, anasanza kamodzi. Ndinati mwina ndi nzimbe. M'mawa mwake ndi pomwe anaphonya supuni ija. Anali akupuma mofulumira ngati wathamanga, akuti mutu ukuwawa.

Ndikuuzeni zoona, maganizo anga oyamba sanali a chipatala. Ndinati alamu adziwa kuti ndagwira zinthu zawo, ndiye abwezera pa mwana. A Naphiri, amene okhawo ndinali nditawauza za mafuta ndinabisa aja, anabwera akuthamanga, anati timutengere kwa bambo wina wa mapemphero kuseri kwa phiri, titengenso mafutawo akawaone. Ndinabereka mwana, kulowa kukhitchini, kupisa dzanja kuseri kwa ndowa. Kabotolo kanali kataimikidwa mbali ina. Mafuta anali atatsika, ndipo pachitsekerero panali zizindikiro za mano a mwana.

Ndinamutsitsa kumsana n'kumufunsa. Anayamba kulira kuopa kukwapulidwa. "Ndinangolawa, amayi. Sanali wokoma."

A Naphiri anali atayamba kale kusungunula mchere m'kapu kuti asanze, akuitanitsanso mkaka. Munthu yekhayo amene ankadziwa chimene chinali m'mimba mwa mwana wanga anali yemwe uja ndinkamuyesa mfiti, ndipo anali kuseri akupukuta ndege yake. Kupita kwa iwo kunali kuulula kuti ndinaba. Ndinapita, kabotolo kali m'manja.

Sanakalipe. Anayang'ana kabotolo, kuyang'ana mwana, nkhope yawo n'kusintha. Anafunsa kuti wamwa liti. Nditati dzulo masana, anagwira kumutu. Analanda kapu kwa a Naphiri n'kutaya madziwo pansi. "Musamusanzitse, musamumwetse chilichonse. Alamu, berekani mwana tizipita."

Anaimbira wa njinga yamoto, n'kutenga kachigubu konse. Sindibisa, njira yonse yotsetsereka ija ndinkayang'ana kachigubuko ndikudzifunsa kuti akutengeranji, kodi akufuna kukataya umboni? Mtima wokayikira sutha msanga, ngakhale mwana akulefuka kumsana kwako.

Kuchipatala ndi komwe ndinaona chifukwa chake. Adokotala sanataye nthawi ndi kabotolo kanga kopanda dzina, anawerenga zolembedwa pa kachigubu n'kudziwa chochita. Anandifotokozera kuti m'mafutawo muli sipiriti wotchedwa methanolo, yemwe amachititsa khungu ndi kupha, ngakhale wochepa. Anati kuipa kwake ndi koti poyamba munthu amangooneka ngati waledzera pang'ono, anthu n'kumati apola, pomwe poizoni akupita kumaso. Anatinso sipiriti ameneyu akayaka masana lawi lake silioneka. Moto uja unali umenewo. Kukiya kuja, kusamba kuja, mzere uja, zonse alamu ankatetezera ana anga omwe.

Anamuika diripu n'kutitumiza kuchipatala chachikulu ku Lilongwe. Tinakhalako masiku ambiri. Ndinkati kukacha ndiike zala patsogolo pake kuti awerenge, iye n'kumangoyang'ana kumene kukuchokera mawu. Tsiku lina anati ziwiri, zilidi ziwiri, ndinalira mpaka amayi a bedi loyandikana anandigwira. Moyo wake unapulumuka. Diso lamanja linabwerera, koma lamanzere mpaka lero amati limaona ngati kuli nkhungu. Kusukulu amakhala kutsogolo, ndipo akamalemba amapendeketsa mutu. Adokotala anati tikanabwera Lachisanu lomwelo mwina zikanasiyana. Ndikanabwera bwanji, poti sindinkafuna kuti wina adziwe za kabotolo?

Bambo a Tadala anatha sabata osandilankhula. Alamu anangoti, "Nanenso ndinalakwa, ndikanakufotokozerani bwino. Koma mukanandifunsa, alamu." Mawu amenewo amandipweteka kuposa kutukwanidwa. A Naphiri mpaka pano amanena kuti pali china chimene adokotala sanaone. Ndimangowapatsa moni n'kupitirira.

Inu owerenga, makamaka amayi anzanga, mukaona chinthu chachilendo pakhomo panu funsani mwiniwake poyera, musazonde ngati ine. Mafuta a tindege timeneti, ndi ena alionse otere, azikhala m'chigubu chake chomwe anabwera nacho, chotseka bwino, kutali ndi mbaula, kutali ndi dzuwa, pokiyidwa. Musawathire m'koloboyi, musakolezere moto, muzapsa ndi lawi lomwe simukuliona. Akakutayikirani pakhungu sambani ndi sopo. Koposa zonse musathire m'botolo la zakumwa, ngakhale mukuti ndi tsiku limodzi lokha. Mwana sawerenga, amangoona mtundu. Ndipo akamwa, musadikire kuti muone ngati adwale, musayambe ndi mchere kapena mkaka. Thamangani kuchipatala ndi chigubucho, ndipo mukanene zoona, ngakhale zoonazo zikukuchititsani manyazi.

Nditabwerera kunyumba ndinasesa paliponse ndi maso atsopano. Ndinapeza parafini m'botolo la zakumwa pansi pa bedi, mankhwala a makoswe m'pepala la shuga, mankhwala a chimanga m'chitini cha mkaka. Zonsezo ndinaika ndine, kalekale, popanda mfiti iliyonse. Ndinazisonkhanitsa m'bokosi lachitsulo, kugula loko, n'kukaika m'kanyumba kosungira makasu, kiyi ndimamanga pansonga ya chitenje. Alamu akabwera, kachigubu kawo kamalowanso momwemo, ndipo amachita kundipempha kiyi. Tadala ndi mng'ono wake ndinawakhazika pansi, n'kuwauza kuti chimene sindinawapatse ine m'manja asamwe, ngakhale chifiire bwanji. Ndipo botolo lililonse la zakumwa likatha pakhomo pano, ndimawotcha msomali n'kuliboola pansi. Anzanga amadandaula kuti ndikuwononga mabotolo abwino othiramo mafuta ophikira. Ndimawasiya adandaule, ine n'kuboola.