Munatikumbitsa chitsime, ife tikufuna manda

Aphunzitsi a Lukasi, musayang'ane kumbali ngati simukundidziwa. Akhristu anzanga, musabalalike kaye, mumve zimene ndinaona kumanda a mishoni Lachitatu lapitali.

Mkazi wanga Nabanda anatisiya Lachiwiri, mvula ya Febuluwale ili pakati. Abale ake anati akagone kumsitu wa kwawo ku Nsaru, pamtunda. Ine chitsiru ndinakana. Ndinati munthu wobatizidwa agone pamalo odalitsidwa. Mpaka ndinayambana ndi alamu anga.

Dzuwa litangotuluka tinali tafika ndi makasu. A Lukasi, amene amayang'anira manda abambo ansembe akachokapo, anatilozera kumunsi kwenikweni, pafupi ndi mitengo ya katope. A Chimbalanga, mkulu wa adzukulu kwathu, munthu woti wakumba manda kuyambira ine ndisanabadwe, anapukusa mutu. Anati pomera katope madzi sakhala patali, tikwere kumtunda. Yankho la a Lukasi? Akuti manda amatsata mzere umene abambo anayeza ndi chingwe, ndipo abambowo ali paulendo mpaka Loweruka. Akutinso munthu wa kudambwe asagwire khasu pamalo oyera. Nkhalamba ija anaitulutsa kunja kwa mpanda.

Tinakumba tokha, ife odziwa mizere ya fodya basi. Kufika m'mawondo, dothi lofiira latha, kwabwera dongo lakuda. Kufika m'chiuno, makoma ayamba kuchucha. Belu la masana likulira, madzi anali akutumphuka pansi ngati kasupe.

Ndinathamangira kwa a Lukasi. Ndinawapeza pakhonde akukukuta chimanga chootcha. Anandipatsa ndowa imodzi, yobooka, amvekere, "Kapani madziwo, mukhale ndi chikhulupiriro." Chikhulupiriro chimakapa madzi eti?

Tinakapa. Ndowa makumi anayi ndinawerenga ndekha. Ukati uwongole msana, madzi abwerera pomwe anali. A Chimbalanga, ali kuseri kwa mpanda, anafuula kuti tikumbe kadzenje pangodya kuti madzi azisonkhana pamenepo, komanso tilime ngalande yotulukira kudambo, chifukwa amene tinkataya pambaliwo ankalowanso m'dzenje. Tinayamba, ndipo madzi anayambadi kutsika. A Lukasi anatulukira. Akuti mpanda tisauboole, mbuzi zilowa. Mbuzi! Ngalande tinaikwirira. Posakhalitsa khoma la kumunsi linagumuka, khasu langa lili pomwepo mpaka lero.

Dzuwa linapendeka. Maliro a dzulo, nyengo yotentha chonchi, mukudziwa nokha kuti sadikira. Tinatsitsa bokosi. Anthuni, linayandama. Linkagunda khoma ili, n'kukagunda linalo, apongozi anga akuona. Tikathira dothi limasanduka phala, bokosi n'kupendekeka. Nyimbo inathera pakamwa. Aliyense anadziwa chofunika kuchita, koma palibe anasuntha. A Lukasi maso anali m'buku.

Ndinatsika ine. Ndinaima pachifuwa pa mkazi wanga ndi mapazi awiri awa, madzi m'mawondo, anthu akuthira dothi m'mbali mwanga, mpaka bokosi linaleka kugwedera. Mtima ukundiwawa, ndipo sindikhululuka msanga, kaya mukandinenere kwa abambo.

Inu amene muli ndi odwala kunyumba, ganizani kawiri mvula isanathe. Koma a Lukasi, mwana wanga Tereza anaona zonse zija. Tsiku lililonse akundifunsa ngati amake akumva kuzizira. Ndabwera naye, ndi uyu. Mumuyankhe ndinu.