Mpata wa Chikhatho Chimodzi

Foni inalira Lachiwiri, 10 koloko ya m'mawa itangokwana, ndili kuntchito. Anali mayi wina wogulitsa tomato mumsika wa Ndirande. Anati pachitika chipolowe cha mavenda, apolisi asesa anyamata onse pamsewu wopita ku Makata, ndipo mng'ono wanga Yamikani amukweza nawo m'galimoto.

Yamikani anali ndi zaka 22. Ali ndi vuto lobadwa nalo lotchedwa otizimu. Salankhula kwambiri, sayang'ana munthu m'maso, ndipo ukamukhudza amakuwa ngati wapsa ndi moto. M'mawa uliwonse ankaima pamsewu umenewo kuonerera malole. Tsiku limenelo ena atathawa, iye anangoima, manja ali m'makutu.

Ndinafika kupolisi ndi buku lake la kuchipatala. Wapolisi wa pakauntala sanalitsegule n'komwe. Anati mnyamatayo ndi wamwano: amufunsa dzina katatu osayankha, ndipo pomugwira anakankha dzanja la bwana.

"Chamba chimenecho, achimwene. Timazidziwa ife."

Ndinafotokoza mwadongosolo monga ndimalembera nkhani kuntchito kwanga kunyuzipepala: ndani, chiyani, liti. Anandiyankha kuti mkulu wawo ali kumsonkhano, abwera Lachinayi. Kenako ndinamva kugunda kuchokera m'chitolokosi: gu, gu, gu. Ndinakuzindikira. Unali mutu wa Yamikani pakhoma.

Aliyense wolowa m'chitolokosi amasiya nsapato ndi lamba pakauntala. Ndinavula zanga n'kuziika pamenepo.

"Nditsekereni nanenso, bwana."

Anaseka, nati kuno si resitihausi. Ndinalambalala kauntalayo kulunjika kuchitseko chachitsulo. Mlandu unapezeka pomwepo: kusokoneza ntchito ya apolisi. Anandiwomba mbama ziwiri, ndipo ndinalowa.

Anthu anachuluka kuposa malo. Nyapala, mkaidi wolamulira anzake mmenemo, ankawakhazika mondondozana, aliyense pakati pa miyendo ya mnzake. Yamikani anali pakona, pafupi ndi ndowa yodzithandizira, magazi ali pachipumi. Ndinapempha kona imeneyo. Nyapala anati palibe amene amailimbirana.

Ndinaima moyang'anana ndi Yamikani, dzanja lina pakhoma ili, lina pakhoma ilo, msana ukutchinga khamu lonse, kuti pakati pa iye ndi ine patsale mpata wa chikhatho chimodzi. Kugunda kuja kunaleka. Miyendo ikalema ndinkagwada. Lachitatu mphamvu zinandithera, ndipo bambo wina wokonza njinga ku Chilomoni anandilandira, naima pamalo panga kwa maola angapo. Sanandifunse kanthu.

Lachinayi masana mkulu uja anawerenga masamba awiri a bukulo, nati tizipita. Sitinasaine chilichonse. Wa pakauntala anandilangiza kuti munthu wotere tizimutsekera m'nyumba.

Sitinamutsekere. Chitseko chimakhala chotsegula tsiku lonse, koma papita miyezi isanu asanapondeko pakhonde. Abale amati tizithokoza kuti tonse tinatuluka amoyo, ndipo ndimawavomera. Ine ndinatulukadi Lachinayi lija. Yamikani ndikumudikirabe.