Pepala la Magazi Lochokera ku Joni

Nyuzipepala yomwe ndinkalembera ku Lilongwe inabadwa nthawi ya referendamu, n'kufa patangopita zaka ziwiri. Ndinabwerera ku Nathenje, kwawo kwa akazi anga a Nabanda kumene ndili mkamwini, nditanyamula bolopeni yokha. Kusoka fodya sindinkakutha. Patatha miyezi inayi ndinakwera basi ya ku Joni.

Ntchito inapezeka ya ulonda pamalo ogulitsira matayala. Tinkagona asanu m'chipinda chimodzi, Amalawi okhaokha, koma womuuza zakukhosi panalibe. Ndalama ndi makalata zinkayenda ndi kondakitala wa basi. M'makalata ochokera kumudzi dzina limodzi silinkasowa: a Kaliwo. Kusukulu tinali kalasi imodzi, ine nambala wani, iwo pakatikati. Oyamba kufunsira a Nabanda anali iwowo, ine n'kuwalanda. Tsopano anali dokotala wamng'ono pachipatala cha ku Mitundu, ali ndi njinga yamoto.

M'chaka chachiwiri, nyengo yozizira, ndinagwidwa ndi chibayo. Kuchipatala ananditenga magazi, ndipo papepala panalembedwa CRP 146. Namwino anandifotokozera kuti CRP ndi chinthu chimene chiwindi chimatulutsa m'thupi mukakhala kutupa kapena tizilombo. Kwa munthu wabwinobwino nambala imakhala pansi pa 10, zipatala zina zimati pansi pa 5. Ikadutsa 100 ndiye kuti zinthu zavuta. Koma nambalayo siitchula dzina la matenda, imangonena kuti penapake pakuyaka moto. Nditamwa mankhwala masabata awiri inatsika kufika pa 6.

Mapepala onse awiri ndinawatumiza kumudzi kuti aone chifukwa chimene sindinagwire ntchito mwezi umenewo. Ndinaiwala chinthu chimodzi. Masiku amenewo kwathu, munthu kuyezetsa magazi nkhani yake inali imodzi basi. Mwamuna wa ku Joni, wadwala chifuwa, watumiza pepala la magazi. Amalume awo a Nabanda anayamba kunena zoti ndikabwera ndikafikire kwathu.

Ndinatsika basi pa Nathenje mvula itayamba. Ondipatsa moni ankandiyang'ana tsitsi ndi khosi.

"Koma mwanenepatu," anatero apongozi anga aakazi, ngati ndawanamiza.

Masana titakhala pakhonde ndinayamba kufotokoza za manambala aja, monga mwini nkhani.

"Tikudziwa," a Nabanda anandidula. "Pansi pa teni ndi bwinobwino. A Kaliwo anatiuza."

"Iwo azidziwira kuti zimenezi?"

"Sankazidziwa. Anapita nawo mapepalawo ku Lilongwe kukafunsa, mafuta awoawo. Pobwera anakhala ndi amalume pansi pa mango apo mpaka anamvetsa."

Ndinayenera kuthokoza. Munthuyo anapulumutsa banja langa ine kulibe. Koma chimene chinatuluka m'kamwa mwanga chinali china: njinga yamotoyo yaima kangati pakhomo pano?

"Nthawi iliyonse mwana wanu Chisomo akatentha thupi. Werengani nokha, poti mumakonda manambala."

A Nabanda anapitiriza kusankha nyemba m'lichero.

"A Kaliwo ananenanso kuti mapepala anuwo sakuvomera, sakukananso za matenda enawa. Sanayeze zimenezo. Ndiye mphasa yanu ili m'chipinda chinacho. Mukayezetse zenizeni."

"Chabwino. Zikatuluka ndidzakuwerengerani."

"Ayi, bambo a Chisomo. Adzawerenge a Kaliwo."

Ine amene ndinalembapo nkhani za patsamba loyamba, m'Chingerezi.

Ndinakayezetsa ku Lilongwe. Zotsatira zitatuluka tinakwera minibasi ya ku Mitundu tonse awiri, n'kukhala pabenchi pamodzi ndi amayi a sikelo. Titalowa, a Kaliwo anaimirira. Anali atayamba dazi, kolala ya malaya itaperepeseka.

"Achimwene, Joni wakukondani," anatero akuseka. "Tionetu."

Ine ndinkadziwa kale kuti magazi ali bwino. Ndinali nditawauza a Nabanda kunyumba, pa depoti, ndi m'minibasi momwe, iwo n'kumangoti "Ehe." A Kaliwo anawerenga pang'onopang'ono, chala chili pamzere. Kenako anakweza mutu n'kugwedezera.

A Nabanda anapumira m'mwamba, misozi ili m'maso. Nthawi yonseyo ankayang'ana nkhope ya a Kaliwo. Ine ndinali nditakhala pambali pawo pomwepo, pamtunda wa chikhatho chimodzi.