Mmene Amuna Anga Anayambira Kudya Masamba

Amuna anga amayendetsa thiraki. Kwa zaka zambiri akhala akunyamula katundu kudutsa pa boda ya Mchinji kupita ku Zambia, nthawi zina feteleza, nthawi zina simenti, pobwera n'kutenga chilichonse chimene abwana awo apeza. Ine kwathu ndi ku Mkanda, ndine mwana wa mlimi wa mtedza. Titakwatirana tinakhazikika pafupi ndi Boma kuti akamadutsa azitha kuima pakhomo, kusamba, n'kudya za kunyumba.

Kuyambira pachiyambi ndinadziwa kuti munthuyu sadya masamba. Ndikaika mbale ya nkhwani patebulo, ankaikankhira kumbali osaiyang'ana n'komwe. Kwa iwo ndiwo inali nyama, nkhuku kapena mazira. Panjira ankadya tchipisi cha pachiwaya, kanyenya wa mbuzi ndi mandasi, n'kutsitsira zakumwa zozizira za shuga. Thupi linakula, ndipo kunena zoona ine ndinkanyadira. Kwathu mwamuna akanenepa amati mkazi akumusamala, moti azimayi anzanga kutchalitchi ankandiyamikira.

Zinasintha chaka chimene anayamba kumva chizungulire ali pachiwongolero. Tsiku lina masana anaimika thiraki pambali pa msewu cha ku Kachebere chifukwa m'maso munachita mdima, n'kundiimbira foni. Ndinakwera njinga yamoto ya kabaza. Ndinawapeza atakhala pansi, atatsamira tayala, malaya ali chinyowere ndi thukuta. M'mawa mwake tinapita limodzi kuchipatala, komwe anawapeza ndi matenda a shuga komanso othamanga magazi. Namwino amene anatifotokozera anali mayi wachikulire wosazungulira polankhula. Anati thupi lichepe, nsima ichepe, mafuta ndi mchere zichepe, zakumwa za shuga zisiyidwiretu, ndipo theka la mbale lizikhala masamba. Amuna anga ankangovomera ndi mutu. Titatuluka panja anandiuza kuti mankhwala azimwa, zakumwa asiya, koma udzu uja sadya, iwo si mbuzi.

Ine sindinatekeseke. Ndinakulira pamasamba, ndipo kuphika ndimakudziwa. Ndinadziuza kuti mwezi sutha munthuyu asanagonje. Ndinasinja mtedza wabwino, ndinatendera nkhwani mpaka msuzi wake kukhala wa phalaphala. Ndinaphika chisoso, bonongwe, khwanya, therere la soda. Iwo ankatapa kawiri chifukwa choopa namwino uja, kenako n'kusamba m'manja kuti akhuta. Ndinati palibe kanthu, njala ya panjira iwaphunzitsa. Ndinagula kakontena kotseka bwino, ndipo ulendo uliwonse ndinkawaikira mpiru wotendera woti adye tsiku loyamba.

Kakontena kaja kankabwera kopanda kanthu, kotsukidwa bwinobwino. Ndinasangalala kwambiri. Ndinafika pomawauza anzanga kuti nkhondo ndapambana. Chimene chinkandidabwitsa n'chakuti masabata ankapita koma mimba sinkasuntha, lamba ankamanga pabowo lomwelija.

Chinsinsi chinaululika pamsika. Ndinkagula tomato pamene dalaivala mnzawo wa amuna anga, bambo wina wa ku Kapondo wokonda kucheza, anandiona n'kubwera kudzandipatsa moni ndi manja awiri.

"Alamu, mpiru wotendera uja musasiye," anatero. "Pa boda paja timachita kulimbirana. Achimwene akangofika timawagulira tchipisi, iwo n'kutipatsa kontena. Chikhalireni sindinadye mpiru wokoma chotero."

Atamaliza kulankhula m'pamene anaona nkhope yanga. Anayesa kukonza, amvekere mwina achimwene amalawako pang'ono asanapereke, koma madzi anali atatayika kale. Ndinawathokoza chifukwa choyamikira maphikidwe anga, n'kunyamula tomato wanga kubwerera kunyumba.

Amuna anga anafika Loweruka masana. Ndinali nditakwiya masiku atatu, moti pofika tsikulo mkwiyo unali utazirala, kutangotsala mantha. Ndinkakumbukira mmene ndinawapezera atatsamira tayala. Atasamba n'kukhala pansi, ndinaika kakontena kaja patebulo n'kuwauza kuti anzawo a ku Kapondo akupereka moni, ndipo akuti mpiru umakoma. Anayamba kutembenuzatembenuza kapu ya madzi. Ndinkadikira bodza kapena kukalipa, koma sizinabwere.

Anandiuza nkhani imene sindinaimvepo pazaka zonse za ukwati wathu. Ali mnyamata, chaka china cha njala, chimanga kwawo chinatha Khirisimasi isanafike. Gaga naye anatha. Kwa masabata ambiri banja lonse linkadya masamba okhaokha, nkhwani, chisoso, bonongwe, chilichonse chomera kuseri kwa nyumba, owiritsa m'madzi opanda mchere, opanda tomato, m'mawa ndi madzulo. Mlongo wawo wamng'ono sanafike nthawi ya zokolola. Ine ndinkadziwa kuti anali ndi mlongo amene anamwalira ali mwana, koma sindinafunsepo kuti zinayenda bwanji.

"Mayi, sikuti mumaphika moipa," anatero. "Koma fungo la masamba owira likangondilowa m'mphuno, ndimaona mphika uja. Kudya kumandikanika."

Ndinawauza kuti ndamva, ndipo ndinapepesa kuti ndinkawakakamiza chinthu chimene sindinkachimvetsa. Koma ndinawauzanso kuti sindikufuna kukhala mkazi wamasiye chifukwa cha tchipisi, ndiye tipeza njira ina.

Masiku otsatirawo ndinaiganizira bwino nkhaniyi ndikugwira ntchito zanga. Ndinaona kuti chimene amadana nacho ndi masamba owira: fungo lake, kufewa kwake, mtundu wake wakuda uja, ndi madzi otsalira pansi pa mbale. Nanga chimene amakonda n'chiyani? Amakonda zowotcha pamoto, fungo la utsi, tsabola, mandimu, chinthu chomveka m'mano akamatafuna. Ndinakumbukira kuti pachiwaya, tchipisi amathirapo kabichi wamuwisi ndi tomato, ndipo iwo amadya zonse osasiya kanthu. M'mutu mwawo kabichi ameneyo sanali masamba.

Ndinayambira pomwepo. Ndinadula kabichi timizere tating'ono kwambiri, ndinaika tomato, anyezi, madzi a mandimu ndi tsabola wa kambuzi. Mbale yonse inatha. Tsiku lotsatira ndinaonjezera kaloti wopala. Kenako ndinatulutsa mbaula panja, kutali ndi khomo, n'kuika waya wowotchera nyama. Pambali pa kachidutswa ka nkhuku yochotsa khungu ndinandandika mabiringanya odula pakati, anyezi, tsabola wobiriwira wosawawa uja, ndi therere lathunthu. Zonse ndinazipaka adyo wosinja ndi mandimu. Therere lowotcha siliterera ngati la soda, limauma kunja n'kuchita timawanga takuda. Amuna anga anabwera okha kudzaima pafupi ndi mbaula chifukwa cha fungo. Anatola therere limodzi ndi zala, n'kulipemerera, n'kudya. Anatola lachiwiri. Ine ndinayang'ana kumbali ngati sindikuona, poopa kuti ndikasekerera asiya.

Masamba enieni, obiriwira aja, ndiwo anatenga nthawi. Ndinasiya kuwiritsa. Mpiru kapena repu ndinkadula zikuluzikulu, n'kuponya m'chiwaya chotentha kwambiri chokhala ndi kasipuni kamodzi ka mafuta, anyezi ndi tsabola, kutakasa kangapo, n'kuphula akadali obiriwira, mapesi ake akumveka m'mano. Mayi wina wa ku Zambia amene amagulitsa nsomba zouma pamsika wathu anandilangiza kuti ndiziwotcha kachidutswa ka mlamba wowamba, n'kusinja, n'kuwaza pamwamba. Anati kwawo amachita zimenezo kwa ana okana ndiwo. Zinathandiza kwambiri. Fungo la utsi wa nsomba linkaphimba la masamba, ndipo mchere ndinkathira wochepa osamveka kuti wachepa. Mtedza nawo ndinasiya kutendera, m'malo mwake ndinkakazinga pang'ono, kuswaswa, n'kuwaza timbewu towerengeka.

Sikuti zonse zinayenda bwino. Tsiku lina ndinachita changu, ndinadula bonongwe tating'onoting'ono n'kubisa mu nyemba. Anazindikira atangotapa kamodzi. Anakankha mbale n'kudzuka, ndipo tsiku limenelo sanadye kanthu. Atabwerera anandiuza kuti iwo si mwana woti azinamizidwa, kuti ngati muli masamba ndiziwauza. Anali ndi chifukwa chomveka, pakuti inenso ndinapwetekedwa pamene ankandinamiza ndi kakontena kaja. Tinagwirizana kuti ine ndizinena chimene chili m'mbale, iwo azilawa kamodzi, chikawakanika asiye popanda mawu. Kuyambira pamenepo sindinabisenso kanthu.

Chinthu chimodzi chokha ndinkachita mochenjera, ngakhale iwo ankadziwa. Akafika ndi njala ndinkayamba kuika masamba patebulo, nsima n'kumaichedwetsa dala. Pofika nayo, theka la mbale ya masamba linkakhala litatha, ndipo mtanda umodzi unkawakwana. Ankandifunsa moseka kuti kodi nkhuni zanyowanso lero. Ndinkayankha kuti eya, nkhuni za masiku ano n'zovuta. Pakhomo tonse tinayamba kudya chimodzimodzi, chifukwa sizikanatheka kuti ine ndizikazinga nyama yamafuta munthu akutafuna kabichi pambali panga.

Vuto linatsala ndi la panjira. Pa boda mathiraki amatha kuima pamzere masiku awiri kapena atatu kudikira mapepala, ndipo zogulitsa pamenepo ndi zokazinga zokhazokha. Chakudya chophika kale sichichedwa kusasa m'thiraki yotentha. Tsono ndinawagulira kambaula kakang'ono ndi waya wake, mpeni ndi kathabwa kodulirapo. M'thumba ndinkaika kabichi wathunthu, anyezi, mandimu, tomato wosapsetsa, mabiringanya ndi tsabola, zinthu zoti zitha kukhala masiku angapo. Poyamba anachita manyazi. Anzawo ankawaseka kuti akazi awo awasandutsa khukhi. Koma pamzere pamakhala nthawi yambiri yopanda chochita, ndipo munthu akayatsa makala anthu amasonkhana okha. Patapita miyezi ingapo anandiuza kuti ndiziika mabiringanya ambiri chifukwa bambo wa ku Kapondo uja wayamba kubwera ndi mbale yake. Ndinati abwere, koma asabwere ndi tchipisi.

Thupi linatsika pang'onopang'ono, osati mmene ndinkaganizira poyamba paja. Panapita nyengo ya mvula yonse ndisanaone kusintha. Kenako tsiku lina ndinaona akuboola lamba ndi msomali, ndipo posakhalitsa ndinanyamula mathalauza awo atatu kupita nawo kwa telala kuti akawabweze m'chiuno. Kuchipatala namwino uja anawayeza n'kuwafunsa kuti achita chiyani. Iwo analoza ine. Mankhwala akumwabe mpaka lero, matendawa sanathe, koma chizungulire chija sichinabwerenso, ndipo amakwera m'thiraki osapuma wefuwefu. Azimayi ena kutchalitchi anayamba kunong'onezana kuti mwina amuna anga akudwala matenda ena, kapena ine ndasiya kuwasamala. Zimenezo sizinandipweteke. Amene anandifunsa pamaso ndinamufotokozera, ndipo awiri anabwera kunyumba kudzaona mmene ndimawotchera therere.

Nkhwani wotendera sadyabe, ndipo ndinasiya kuyembekezera kuti adzadya. Ine ndimaukonda, choncho ndimauphika iwo akakhala paulendo, n'kutsegula mawindo kuti fungo lituluke asanabwere.

Chaka chatha, nthawi yokumba mtedza, tinapita limodzi ku Mkanda kukaona mayi anga. Monga mwa mwambo anawaphera akamwini awo nkhuku. Amuna anga anathokoza, koma anandinong'oneza kuti ndiwapemphere chilolezo cholowa m'dimba. Mayi anadabwa koma analola. Amuna anga anapita okha, anathyola mpiru wanthete, anatsuka pachitsime, n'kutulutsa kambaula kawo m'galimoto imene tinabwereka. Azimayi a pamudzi anasiya kuthothola mtedza n'kumayang'ana mkamwini wamkulu chonchi akudula anyezi pansi pa mtengo wa mango. Iwo sanasamale. Atamaliza anagawa pambale ziwiri, ina yawo, ina n'kundipatsa kuti ndikapereke kwa apongozi awo, poti kwathu mkamwini sadyera pamodzi ndi apongozi.

Mayi anaiyang'ana mbaleyo mokayika. Anatapa pang'ono, n'kutafuna nthawi yaitali, mapesi akumveka kukukutika.

"Ukawauze akamwini kuti masamba awa sanapse, akadali amoyo," anatero.

Ndinanyamuka kuti ndikapereke uthengawo, koma anandigwira chitenje kuti ndikhale kaye. Anadya mbale yonse, anapukuta ndi nsima, kenako anandifunsa kuti pamwamba paja awazapo nsomba yanji.