Khungu la Kabatani

Pamsewu wathu aliyense ankangowatcha a Telala. Makina awo osokera anali pakhonde la sitolo ya zitsulo, pafupi ndi wokonza mafoni. Anali mayi wanthabwala. Mwamuna akabwera ndi buluku loti alikulitse m'chiuno, ankamuyang'ana pamimba n'kunena kuti, "Achimwene, bulukuli lilibe mlandu."

Mwana wawo wamkazi, yemwe ankamutcha Kabatani chifukwa cha kuchepa thupi, anali atangoyamba sukulu pamene zidzolo zinamutuluka kuseri kwa mawondo. Bambo ake, oyendetsa lole, anaziyang'ana ali chiimire, chikwama chili kale paphewa.

"Ndi thukuta ili," anatero. "Zitha zokha."

Sizinathe. Zinakwera m'ntchafu, m'khwapa, mpaka m'khosi. Kuchipatala chaching'ono anati ndi mphere, napereka mankhwala opaka. A Telala anawiritsa zofunda zonse, anayanika matiresi padzuwa, koma khungu la mwana linangoyamba kusupuka. Dokotala wina anati mwina ndi sopo. Anasintha sopo. Wina anati mazira ndi mkaka. Anamuletsa. Apongozi awo anabwera ndi mafuta m'kabotolo kosalembedwa kanthu. Mlamu wawo anati apa pali dzanja la munthu. Kwa onsewa a Telala ankayankha chimodzimodzi: "Ndamva, tiyesa."

Kenako aphunzitsi anawaitana.

"Mayi, musatimve molakwa," anatero aphunzitsiwo, maso ali pansi. "Makolo ena akudandaula. Mwanayu ayambe wapuma kaye."

Kabatani anayamba kukhala pakhonde paja, pansi pa tebulo, akusewera ndi zidutswa za nsalu. Tsiku lina mayi wina woyembekezera anabwera kudzatenga nsalu yomwe anasiya kuti amusokere tizovala ta khanda. Anati wasintha maganizo. A Telala anaipinda bwinobwino n'kumupatsa. Sanakwiye. Anadikira kuti mwina mkwiyo ubwera madzulo, koma sunabwere.

Madiresi a Kabatani anayamba kuwasoka misoko ili kunja kuti isamakhule zilonda. Anamusokeranso timatumba tofewa tovala m'manja pogona, poti m'mawa uliwonse pilo ankapezeka ndi madontho a magazi. Nthabwala zija zinauma. Ankayeza anthu, kulemba ndi choko pansalu, kudula, kusoka, basi.

Kuchipatala chachikulu, dokotala wa khungu anamuyang'ana mwanayo nthawi yaitali. Anaitana mnzake, awiriwo ananong'onezana, anajambula zithunzi, kenako anadula kachidutswa ka khungu pamsana kuti akakapime.

"Ndiye ndi chiyani, adokotala?" anafunsa a Telala.

"Mayi, ndisakunamizeni. Sitinadziwe."

Ali mubasi pobwerera, Kabatani anakoka mkono wa amayi ake. "Amayi, kachigamba kanga kaja adzakasokereranso?"

"Ayi, pamera kena."

Anthu omwe anali nawo pampando anaseka. A Telala ankangoyang'ana pawindo.

Zotsatira zitabwera, zinangotchula matenda omwe mwanayo alibe. Anawapatsa mafuta ena, amene anachepetsako kuyabwa, koma zidzolo zinafika kuseri kwa makutu, ndipo tsitsi linayamba kuthothoka.

Bambo ake atabwera ku ulendo wautali, anamupeza mwanayo atakhala pampando, amayi ake akumuwenga zikhadabo. Bambowo anaima pakhomo, kenako anazungulira kuseri kwa nyumba. Kulira kwawo kunkamveka bwinobwino kudzera pawindo. A Telala anamaliza dzanja lamanja, nayamba lamanzere.

Bambowo atalowa, anafunsa ndi mawu osasa, "Amake mwana, inu simulira?"

"Ndilira chiyani? Chinthu chake sindikuchidziwa n'dzina lomwe."

Mpaka pano dzinalo silinapezeke. Amapitabe kuchipatala akawaitana, ndipo madokotala amati akufunsa anzawo akutali. Masiku ena khungu limauma n'kuoneka ngati likupola, masiku ena limanyekanso. Kusukulu sanabwerere. Wokonza mafoni uja ndi amene amamuphunzitsa kuwerenga makasitomala akachepa, pogwiritsa ntchito zikwangwani za tsidya lina la msewu. Pano Kabatani amatha kuwerenga "simenti" ndi "osakodza pano".