Mankhwala a Makoswe Oyera

Paskale Chulu anabadwira ku Nsefu, kumene munthu akaona khoswe amathamangira chibonga. Koma ntchito imene anaipeza mu 1993, pa kanyumba kofufuzira matenda a ziweto pafupi ndi Jumbe, inali yodyetsa makoswe oyera, kuwasesera ndi kuwamwetsa madzi owiritsa. Anzake ankamuseka mpaka kugwira nthiti. Iye ankangokweza mapewa.

A Nchimunya, dokotala wa ziweto wochokera ku Monze, ankayesa mankhwala ogonetsa nyama kuti aone ngati amaphanso ululu. Iwo ankabaya khoswe jakisoni, Paskale n'kumupana mchira ndi kachitsulo, maso ali pa wotchi. Khoswe wosabayidwa ankalira pomwepo. Wobayidwa ankangoti zii.

"Thirty seconds, bwana. Sanagwedezeke."

"Ndiye kuti sakumva kuwawa," ankatero a Nchimunya, n'kulemba.

Kunyumba kunali Esnati, mkazi wake, amene chotupa cha m'mimba chinamugoneka pamphasa kwa chaka chathunthu. Kuchipatala anamubweza ndi timapiritsi tosathandiza. Ankabuula moti anansi anayamba kulambalala khomo lawo. Paskale anali munthu wosatola ngakhale chitsononkho cha mwini, koma kubuulako kunamudya mtima. Tsiku lina analowetsa kabotolo ka mankhwala a makoswe aja ndi jakisoni m'thumba la ovolosi.

Anamubaya Esnati masana. Posakhalitsa kubuula kunaleka. Esnati anagona chagada, akupuma patalipatali, mpaka mwamunayo anachita mantha n'kuika khutu pachifuwa pake. Mtima unkagunda. Koma bata lakelo, abale! Paskale anakhala pakhomo n'kulira ndi chimwemwe, wosauka uja.

Kenako anaona kuti mpata ndi womwewo. Mkaziyo anali ndi zilonda za kumsana zimene sankalola munthu kuzikhudza. Paskale anamutembenuza, n'kuzitsuka ndi madzi amchere, kupukuta mwamphamvu kuti mafinya onse achoke. Ankaimbanso mluzu.

Dzuwa litapendeka, Esnati anatsegula maso.

"Mwaswera bwanji, amake Delia? Lero ndiye mwapumula, eti?" anafunsa Paskale, kumwetulira kuli mpaka m'makutu.

Esnati anamuyang'ana. Mawu anatuluka movutikira.

"Atate ake Delia, musadzandibayenso. Ndinali kumva zonse. Mcherewo ndinaumva, ndi mluzu wanu womwe. Ndinali kukuitanani kuti muleke, koma pakamwa panakana."