Zala Zitatu za Ndodo ya Ababa

Mpaka lero ndikadutsa pa okonza njinga, fungo la chubu chotenthedwa ndi dzuwa limandibwezera ku chaka chimene ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi. Inali nyengo ya mango, mvula isanagwe, pamene fumbi la mu Milange limalowa mpaka m'mano. Ndikangolimva fungolo, ndimamva ngati ndapalamula dzulo lomweli. Panopa ndine mayi, ndili ndi satifiketi yanga ya uphunzitsi, koma nkhani iyi ngakhale amuna anga sindinawafotokozerepo yonse.

Ababa ankagwira ntchito tsidya lija, ku Malawi. M'mawa uliwonse ankapalasa njinga kuwoloka malire pa Muloza, kupita ku bwalo la gofu la pakati pa minda ya tiyi. Ntchito yawo inali yonyamulira mabwana zikwama za ndodo akamasewera, ndipo anthu a ntchito imeneyi kumeneko amawatcha makadi. Lolemba lililonse, mabwana ali m'maofesi, makadi ankaloledwa kusewera okha. Ababa anali ndi ndodo zinayi zotolatola, koma imodzi ankaikonda kuposa njinga yawo. Dzina lake inali dilaiva, ndodo yaitali yachitsulo ya mutu waukulu, yomenyera mpira woyamba kuti upite kutali. Anawasiyira ndi bwana wina wamtali ngati pholo la magetsi pobwerera kwawo. Ababa ndi afupi. Akaimika ndodoyo pansi, inkangotsala pang'ono kuwafika pachifuwa.

Madzulo ankayeserera pa bwalo la mpira la kusukulu kwathu, ine n'kumawatolera mipira. Anali nayo khumi ndi iwiri, yachikasu ndi ukalamba. Akamenya kunkamveka twa! ndipo mpira unkauluka kupitirira chulu chachikulu cha kumapeto kwa bwalo. Vuto linali lakuti kumene ukagwere sikunkadziwika. Wina unkagwera m'chinangwa cha mayi Tereza, wina kuseri kwa tchalitchi, wina pa malata a mphunzitsi wathu, pulofesora monga timanenera kwathu, amene ankatuluka n'kukalipa m'Chipwitikizi atagwira m'chiuno. Ndinkabwerera kunyumba chisoso chili thoo m'diresi, miyendo yokandikakandika, koma ndili wonyada. Ababa anzawo ankawatcha a Mzinga. Ankawaseka kuti othyola tiyi apempha zipewa zachitsulo za Lolemba, ndipo ababa ankaseka nawo mpaka misozi. Dzinalo ankalikonda.

Chaka chimenecho anabwera ndi uthenga woipa. Osewera anali atachepa, ndiye akuluakulu a bwalolo anati pa makadi khumi ndi asanu patsala asanu ndi mmodzi okha. Kuti pasakhale kukondera, pakatha milungu itatu padzakhala mpikisano, ndipo ochita bwino ndiwo adzatsale. Amayi anangopitiriza kusankha nyemba m'lichero, kenako anandiuza kuti, "Zikakanika, basi tikupita ku Majaua kwa amalume ako, tikalime." Ku Majaua ndinkakudziwa. Kumudzi kwa amalume sukulu inali kutali, ndipo asuweni anga onse analekezera kalasi yachitatu.

Loweruka la mlungu womwewo ababa anapita kumaliro, amayi ali kumsika ndi nyemba zawo. Kuseri kwa nyumba yathu kunali mtengo wa mango a boloma, ndipo pamwamba panali atatu ofiira m'masaya amene ndinakhala ndikuwayang'ana masiku anayi. Nsungwi yathu yothyolera anali atabwereka anthu. Ndinalowa m'nyumba, ndinaona dilaiva itatsamira kuseri kwa chitseko, ndipo sindinaganize kawiri. Ndinaigwira kumutu, n'kumatokosa m'nthambi ndi mbali ya chogwirira. Mango awiri anagwa. Pofuna lachitatu, ndodo inakanirira pa mphanda. Ndinakoka, osatheka. Ndiye ndinachita chimene mwana aliyense akanachita, ndinalendewera ndi thupi lonse.

Tinagwa tonse, ine ndi ndodo. Nditaiyang'ana, kumapeto kwa chogwirira kunali kutapindika ngati khosi la nkhuku yodwala chitopa. Ndinayesa kuwongola ndi mwala, ndinangowonjezera. Ndinaibwezera kuseri kwa chitseko, mbali yopindikayo nditailozetsa kukhoma. Mango aja ndinakawaponya m'chimbudzi osaluma ngakhale kamodzi.

Ababa anaziona mawa lake titabwera kutchalitchi. Anaigoneka ndodoyo patebulo n'kuigubuduza, iyo n'kumadumphadumpha. Anasisita chogwirira ndi chala chachikulu, anachiyang'ana chalacho, kenako anatuluka panja. Anakhalitsa. Atabwerera anati, "Iyenera kuti njinga inaigwera."

"Njinga yake iti, poti munapita nayo kumaliro?" anafunsa amayi.

"Yomweyo," anatero ababa. "Roza, vala nsapato, undiperekeze."

Tinapita kwa a Lukasi, okonza njinga kuseri kwa msika, munthu wolankhula Chinyanja chosakaniza ndi Chilomwe, manja akuda bii ndi girisi. Anaitembenuza ndodoyo uku ndi uku n'kupukusa mutu. "Achimwene, iyi ndikati ndiwongole ithyoka. Tidule basi." Ababa anaika zala zitatu kuchokera kumapeto, pomwe kupindika kunathera, ndipo a Lukasi analemba ndi msomali. Sowo itayamba kulira, ababa anayang'ana kumbali ngati munthu amene akuzulidwa dzino. Mphira wa chogwirira unali utang'ambika, ndiye a Lukasi anacheka chubu chakale n'kukulunga mothina, mzere pamwamba pa mzere. Ababa anaizunguza ndodoyo kawiri n'kunena kuti mutu wapepuka, sakuumva m'manja. A Lukasi anasula kachidutswa ka mtovu wa m'batire lakale mpaka kanaphwatalala ngati chikhadabo, n'kukamata ndi guluu kumsana kwa mutuwo. Kachitsulo kodulidwa kaja ababa anakatola pansi n'kukaika m'thumba.

Madzulo omwewo tinapita pabwalo. Mpira woyamba unauluka bwinobwino, koma unagwa usanafike pachulu. Wachiwiri chimodzimodzi. Yonse khumi ndi iwiri inagwa chulu chisanafike, inangoti mbwee pamalo osaposa bwalo la nyumba yathu. Ndinaitolera m'diresi ndikuyenda, osathamanga, osalowa m'chinangwa cha munthu, ndipo misozi inali ikutsika.

"Ababa, sikufika pachulu."

"Ndaona. Yasowa ingati?"

"Palibe."

"Bweretsa kuno."

Milungu yotsalayo sindidzaiwala. Kwa ine gofu inali chulu chija basi: wopitirira chulu ndiye katswiri, wolephera ndiye wopita ku Majaua. Madzulo aliwonse ndinkaima kumapeto kwa bwalo n'kumapemphera chamumtima kuti mpira umodzi wokha upitirire, koma sunkapitirira. Pulofesora anasiya kutuluka. Mayi Tereza anayamba kutipatsa moni. Ine chakudya chinasiya kulowa, ndipo fungo la mango linkandichititsa nseru. Amayi anandigwira pachipumi, anati ndi malungo, n'kundimwetsa mankhwala owawa amene ndinameza osadandaula, poganiza kuti ndicho chilango changa. Kangapo ndinatsegula pakamwa kuti ndiulule, koma ndikaona ababa akupukuta ndodo yawo yofupikayo, mawu ankabwerera.

Tsiku la mpikisano nditaweruka sindinapite kunyumba. Ndinathamangira kumalire n'kukhala pafupi ndi amayi ogulitsa nthochi, yunifolomu ili m'thupi. Kunali kutentha kwa chinyezi, mitambo yakuda itaunjikana paphiri. Njinga zinkadutsa zitasenza matumba a chimanga, nkhuku, malata, koma ya ababa ayi. Ndinayamba kuwerengera zimene ndidzasiye: desiki yanga ya pafupi ndi windo, mnzanga Luwiza, buku lowerenga limene pulofesora anandibwereka.

Belu la njinga ya ababa ndinalimva ndisanawaone. Ankaliza mosalekeza kuyambira pa mlatho, ngati mwana. Pambali pawo panali mnzawo wa ntchito, a Dikisoni, amene anayamba kukuwa asanatsike n'komwe. "Mwana iwe, a Mzinga amwalira! Lero tinali ndi telala, amangosoka mzere umodzi!" Ababa anali atakhala wachinayi. Sanataye mpira ngakhale umodzi, pamene mnzawo wina amene ankamenya kutali kuposa onse anasiya isanu m'tiyi. Ndinangokhala pansi m'fumbi momwemo. Ababa anandinyamula n'kundikhazika pa keliyala. Tisanafike kumsika mvula yoyamba inatipeza, madontho akuluakulu ofunda, fumbi likununkhira, ndipo ndinakanikiza nkhope pamsana pawo n'kulira momasuka, poti m'mvula palibe akanadziwa. Tsiku limenelo ndinadya mbale ziwiri.

Chinsinsicho ndinachisunga mpaka chaka chatha. Mwana wanga Sofiya, wa zaka zitatu, anaponya foni yanga m'ndowa ya madzi. Ine ndine mayi wamantha, ndivomereze, kanthu kakang'ono ndimakaona ngati dziko latha. Ndinamugwira pamkono n'kukuwa kuti, "Wachita izi ndani?" chonsecho ndinamuona ndi maso anga. Nkhope imene anandiyang'ana nayo ndinaizindikira. Mlungu womwewo ndinapita kwa ababa, amene anasiya kale kuwoloka malire chifukwa cha mawondo, ndipo ndinawauza zonse ngati mwana wa zaka zisanu ndi zinayi.

Analowa m'nyumba n'kutuluka ndi kachitini kosungira singano ndi mabatani. M'katimo munali kachitsulo kaja, mphira wake uli ndi banga lakuda. "Utomoni wa mango unali thoo," anatero. "Njinga imadya mango?"

Anandiuza kuti anakwiya, ndisaganize kuti ayi, n'chifukwa chake anakhalitsa panja tsiku lija. Koma ankadziwa kalekale kuti ndodoyo inali ya munthu wamtali. Ndodo yaitali imazungulira patali, mutu wake umathamanga, ndiye ukamenya pakati penipeni mpira umapitadi kutali. Koma munthu wamfupi amaima motalikira mpira, ndipo pakatipo amapapeza mwa apo ndi apo. Yofupika imakulanda mapazi angapo, koma imabwerera pomwe waituma. Anzawo ankawauza zimenezi, iwo osamva, poopa kutaya dzina la Mzinga. Kenako ananena motsitsa mawu kuti, "Koma zoti sukudya chifukwa cha zimenezo sindinadziwe, mwanawe. Ndikanakuuza."

Ndili mwana ndinkayang'ana chulu, pamene iwo ankawerenga mipira ya m'diresi langa. Ndinkayesa kuti sanandifunse chifukwa sankadziwa. Kachitsuloko anandipatsa, ndipo kamakhala m'chikwama changa cha kusukulu, pamodzi ndi choko. Tsiku limenelo pochokera kwa ababa ndinagula mango awiri a boloma pamsika. Ndinamupeza Sofiya akusewera pakhonde, ndinamukhazika pamiyendo, ndipo ndisanasende ndinamuuza kuti ndinamuona akuponya foni ija m'madzi, ndipo nkhani yake yatha.